Mtembo Wobwereka Dzina

Lole ya kampani ya matabwa itaima pabwalo la a Gordon Thole, kumudzi wina kuseri kwa Manyamula, amayi anayamba kulira dalaivala asanatsike, poti bokosi la maliro silisowa wolilengeza. Dalaivalayo anavula chipewa, nanena mawu amene anabwera akuwaloweza njira yonse: kampani ikupepesa kwambiri, mwana wapakhomo pano, Kalebe Thole, chipika cha paini chamugwera kuntchito ku Chikangawa ndipo watisiya. Asanatseke pakamwa, kuseri kwa chigafa cha fodya kunatulukira mnyamata wamtali, khasu paphewa, matope mpaka m'mawondo, nafunsa kuti maliro ndi a yani.

"Ndi ako, mwana wane," anatero amayi ake, NyaHara, nakhala pansi pomwepo.

Olira ena anathawira m'chimanga. Dalaivala anakwera m'lole mwake nadzitsekera, ndipo anakana kutsitsa galasi mpaka apolisi atabwera.

Sajeni Pamela Kamchacha wa kupolisi ya pa boma anafika pa njinga yamoto dzuwa litapendeka, fumbi lili mbuu kumaso. Anali mayi wamfupi wa ku Ntchisi, wa mawu okwanira anthu awiri. Anthu a ku Mzimba anali atamupatsa kale dzina lawolawo, NyaKukana, chifukwa pepala limene sanalimvetse sankalisaina, libwere ndi bwana wa nyenyezi zingati paphewa. Iye dzinalo ankalikonda, ndipo ankavomera akamuitana nalo.

Analamula kuti bokosi litsegulidwe. Munali mnyamata wa msinkhu wa Kalebe, nkhope yotupa, chipumi chomangidwa bandeji.

"Iwe ndiwe Kalebe Thole?" anafunsa wamoyoyo.

"Ndine, mama."

"Ku Chikangawa unapita liti?"

"Sindinapondeko olo kamodzi. Ntchitoyo ndinafunsira, inde, chaka chatha. Analengeza kuti ofuna alembe pa intaneti, mbwenu ndinapita kwa a Goodson pa Manyamula, anandilembera pa kompyuta yawo. Kuchokera pomwepo zii. Ndinangoti basi, sananditenge."

"Anakutenga," anatero Pamela, akuloza bokosi ndi chibwano. "Wagwira ntchito, wafera pantchito. Wangokhala wosadziwa."

A Gordon Thole anali mkulu wa mpingo, munthu wa jekete lakuda ngakhale kutenthe chotani. Pamela atawaitana, anayandikira bokosi, nasuzumira kamodzi kokha ngati munthu woyang'ana m'chitsime chakuya, kenaka maso awo anathawira kukhola la ng'ombe.

"Nkhumumanya yayi," anatero. "Sindimudziwa munthu uyu, mama. Mwana wanga wamwamuna ndi mmodzi, ndi uyo waima apoyo. Chotsani zimenezi pakhomo panga, ndapota."

NyaHara yekha ndiye anachedwa pabokosipo. Anayang'ana nkhope ija nthawi yaitali, nakoka kansalu koyera kuphimba khutu la womwalirayo, ngati akuopa kuti angamve mphepo. Pamela anamufunsa ngati akumudziwa. Mayiyo anangomangitsa chitenje chake nalowa m'nyumba.

Bokosi linabwerera pa lole, ulendo wa ku nyumba ya chisoni pa boma, lilibe mwini.

*

Ofesi ya Nthambi Timbers inali kuseri kwa sitolo ya zitsulo pa boma. Manijala wake, a Hector Mzumara, anali atakonza kale pepala, cholembera chili pambali pake, chotsegula.

"Madamu Sajeni, nkhaniyi ndi yosavuta. Munthuyu analowa m'kampani mwathu mwachinyengo. Kwa ife ndi wosadziwika. Lachisanu akaidi akukaika m'manda mitembo yopanda abale, ndiye mungosaina apa kuti uyu apite nawo. Tonse tipume."

"Wakhala akudula mitengo yanu chilimwe chonse ndi dzinja lomwe, lero ndi wosadziwika?"

"Chiphaso chimene anabweretsa chinali chofotokopa, cha Kalebe Thole. Kapitawo anangoyang'ana, nkhope zofananirapo, basi. Koma wolakwa ndimudziwa. Ndi mtsikana wathu wa pa kompyuta, Philomena. Anasintha adiresi ya imelo ya Kalebe ndi dzanja lake, popanda chilolezo changa. Anagulitsa ntchitoyo ameneyo. Mutengeni, ndipo musaine."

Pamela anatseka cholembera chija nachibwezera m'thumba la malaya a Hector.

Apa mpofunika kunena chimene chinkamutentha mumtima mayiyu. Mlongo wake wa Pamela anapita ku Joni zaka zapitazo, ngati mmene amapitira anyamata ambiri, ndipo anakamwalirira komweko mapepala alibe. Anamuika m'manda ngati munthu wopanda kwawo. Amayi awo ku Ntchisi mpaka lero akamva basi ikuima pamsewu amatuluka panja. Pamela ankadana ndi mawu akuti "wosadziwika" kuposa mmene ankadanirana ndi akuba. Munthu aliyense anabadwa wina akubuula, wina namutcha dzina, ndipo iye sankaona chifukwa choti chimenecho chithe chifukwa manijala akufuna kupuma.

Bwana wake kupolisi anamuuza mosabisa kuti nyumba ya chisoni ndi yaing'ono, sangausunge mtembo mpaka kalekale. Anamupatsa mpaka Lachisanu.

*

Philomena Chisi anamupeza m'kachipinda kakumbuyo, atakumbatira chikwama pamiyendo ngati munthu wodikira basi. Anali woonda, wa magalasi, koma maso ake sanali a munthu wopepesa.

"Ngati mwabwera kudzanditenga, tiyeni. Koma sindinagulitse ntchito ya munthu."

"Khala kaye. Undiuze ntchito yako ngati ukuuza azakhali ako akumudzi."

"Ntchito yanga ndi kupeta. Anthu amalemba fomu pa intaneti, mayina amagwera muno ngati chimanga chopuntha kumene, zinyalala ndi miyala momwemo. Fomuyo ndi yopusa, Sajeni. Ikaona kachizindikiro kopiringizika kaja pakati, ndi kadontho chakumapeto, imati adiresi ili bwino, ngakhale ikhale ya munthu amene kulibe. Ndiye ine ndimachotsa mipata yolowa mwangozi, ndimachotsa amene alemba kawirikawiri poganiza kuti achulukitsa mwayi, kenaka ndimatumiza uthenga woyesera kwa aliyense, woti adinde kutsimikiza kuti adiresiyo ndi yake. Ena amadinda. Mauthenga ena amabwerera nthawi yomweyo, kusonyeza kuti adiresiyo ndi yakufa."

"Ya Kalebe?"

"Inabwerera. Ndipo a ku Manyamula pafupifupi onse anabwerera."

"Lamulo likuti chiyani pa yobwerera?"

"A Hector amati fufuta, usataye nthawi. Ine ndinakana. Munthu wayenda pa njinga mtunda wautali kukalembetsa, ndiye ataye mwayi chifukwa cha chinthu chimene sanachionepo ndi maso? Yayi. Ndimaimba nambala ya foni imene ili pa fomu, ndi mayunitsi anga, n'kufunsa adiresi yeniyeni. Ndinachita chomwecho kwa anthu ambiri, ndipo ena akugwira ntchito lero chifukwa cha zimenezo. Andichotse ngati akufuna, koma ndingachitenso."

Pamela anamwetulira pang'ono. Ankawadziwa anthu a mtundu wake akawaona.

"Anayankha ndani pa nambala ya Kalebe?"

"Bambo wamkulu. Anati ndi bambo ake a Kalebe, foniyo ndi yawo chifukwa mnyamatayo alibe. Nditafotokoza kuti kalata yomuitana ipita ku imelo, anati ndiimbenso sabata yotsatira. Nditaimbanso, anandiwerengera adiresi ina, chilembo chimodzichimodzi, ngati munthu wowerenga papepala. Analakwitsa penapake, ndiye ndinamva mnyamata pambali pawo akuseka, akuti, 'Adada, mwadumpha nambala, bwerezani.' Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati mwini wake ali pomwepo. Ndinatumiza uthenga woyesera, ndipo unadindidwa ndisanaike foni pansi."

"Mwezi wanji?"

"Julaye. Kunkazizira kwambiri, ndinali nditavala juzi ziwiri."

"Adiresi yatsopanoyo ili ndi dzina?"

"Ayi, ndi dzina la timu ya mpira ndi manambala, mmene amachitira anyamata. Koma bwerani muone ichi." Anatsegula kompyuta nalemba adiresiyo. Pambali pake panatuluka kachithunzi kozungulira. "Anthu ena amaika nkhope zawo. Uyu anaika ichi."

Pamela anawerama. Pa kachithunzipo panali ng'ombe yamawangamawanga, nyanga imodzi yoloza kumwamba, ina yoloza pansi. Kumbuyo kwake kunkaoneka khoma labuluu ndi chitseko chofiira.

"Zaka zonsezi ndili kupolisi," anatero, "lero mboni yanga ndi ng'ombe. Nditumizire pafoni."

Ali pakhonde anaimba nambala ija. Anayankha a Gordon Thole. Atamva funso, mawu awo sanagwedezeke ngakhale pang'ono.

"Ine sindinalankhulepo ndi mtsikana wa kampani, mama. Foni iyi imakhalitsa kwa Goodson kutchaja, kuno kulibe magetsi. Aliyense angayankhe, n'kunena kuti ndi ine. Mufunseni Goodson."

*

Kagolosale ka Goodson Mtonga pa Manyamula kanali ka zonse: sopo, mayunitsi, kutchaja mafoni, kufotokopa, ndi kompyuta imodzi yophimbidwa ndi thawulo poopa fumbi. Mwini wake anali wonenepa, wa tcheni m'khosi, ndipo analandira Pamela ngati mlamu wake.

"Monire, a NyaKukana! Fanta yozizira? Solayu ndi wa ku Joni, sanama."

"Adiresi ya imelo ya Kalebe Thole unaitenga kuti?"

"M'mutu mwangamu."

"Bwereza."

"Aaa, mama, tiyeni tinene zoona. Anthu kuno imelo ali nayo ndani? Fomu ukaisiya popanda imelo imakana, imafiira. Munthu wabwera ndi njinga kuchokera kutali, akudikira. Mbwenu nditani? Fomu ikufuna imelo, ine ndimaipatsa imelo. Ndimatenga dzina la munthuyo, ndimaika kachizindikiro kaja, kadontho, yalowa. Iye wakondwa, ine ndakondwa, fomu yakondwa."

"Nanga kalata yomuitana ikapita kuti?"

Goodson anakanda m'khosi pansi pa tcheni. Zinkaoneka kuti funsolo linali lisanamufikepo m'moyo mwake.

"Ndinkaganiza kuti amaimba foni," anatero chapansipansi.

"Anaimbadi. A Thole akuti foni yawo imagona muno, ndiye unayankha ndiwe, n'kudzitcha bambo a Kalebe, n'kugulitsa ntchitoyo. M'mwezi wa Julaye."

"Julaye? A Thole anena zimenezo? Mkulu wa mpingo?" Goodson anagwada n'kusolola pasipoti m'katoni ya sopo, naimenyetsa pa kauntala. "Onani zidindo! Ndinanyamuka Juni ali pakati, kukatenga katundu wa anthu ku Joni, ndinabwerera Ogasiti. Shopu inali yotseka ndi maloko awiri. Funsani Manyamula yense, anthu ankakatchajitsa kwa aphunzitsi. Ine ndine wabodza kwa kompyuta yokha pera, mama, kwa anthu yayi."

Zidindozo zinkagwirizana ndi mawu ake. Pamela anali akuzitembenuzabe pamene Kalebe analowa, poti anali atamuitanitsa. Anthu amene anali pakhonde anamupatukira msanga, ena akuseka, ena osaseka. Kuyambira tsiku la bokosi lija, mnyamatayo ankayenda ngati wopepesa kuti ali moyo.

"Julaye unali kuti?" anamufunsa.

"Kumunda, kuzula mapesi a fodya."

"Unakhalapo pambali pa abambo ako akuwerenga imelo pafoni?"

"Ine imelo sindiidziwa n'komwe."

"Uli ndi mchimwene kapena mng'ono?"

"Alongo okhaokha."

Pamela anatulutsa foni namuonetsa kachithunzi kaja, akungoyesa, poti anthu a kuno ng'ombe amazidziwa ngati abale. Kalebe anayang'ana, ndipo dzanja lake linapita lokha pakamwa.

"Uyu ndi Maluwa."

"Ndani?"

"Ng'ombe yathu. Nyanga iyi inapindika ali thole, akadali kamwana, anakodwa pa mpanda. Anasowa ndili mu Sitandade seveni, usiku umene ndinatseka khola ndine. Adada anati sindinatseke bwino, akuba atenga. Anandimangirira pa mtengo wa mango." Anakweza mlomo wake wam'mwamba, naonetsa mpata wa dzino. "Ili linatsala pomwepo. Koma ndinatseka, mama. Ndikukumbuka chomene kuti ndinatseka."

Goodson anali atasuzumira paphewa pa Kalebe, monga mwa chikhalidwe chake.

"Khoma limenelo ndikulidziwa ine. Ndi chigayo cha mbali ya ku Edingeni, ndinawabweretsera lamba wa injini. Kumene a Thole amapita pa njinga mwezi ndi mwezi, amati kukachezera mipingo yaing'ono..." Anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale.

Paja khoswe wa padenga adaulula wa padzala.

*

Chigayo chabuluu chinalipodi, chitseko chake chofiira. Kuseri kwake kunali kanyumba ka malata atsopano, ndi kakhola, ndipo m'kholamo munagona ng'ombe yokalamba yamawangamawanga, ikubzikula, nyanga imodzi yoloza pansi. Pamela anaima n'kuiyang'ana. Anamva mkwiyo ukukwera m'chifuwa, ndipo pansi pa mkwiyowo panali mantha, chifukwa ankadziwa ntchito imene inali kumudikira pakhomo paja.

Mayi wa pakhomopo, NyaZiba, anali akuyanika ufa pamphasa. Anali wansangala, ndipo Pamela sanavale yunifolomu tsikulo, ndiye anamuyalira mkeka ngati mlendo wamba.

"Ng'ombe yokongola," anatero Pamela.

"Ndi ya mwana wanga Mthokozi. Adada wake anamubweretsera ali wamng'ono. Anati aikize kuno, ikhale yake, poti dzina lawo sangamupatse poyera, mpingo ungawadule. Mwanayo amaikonda ngati munthu. Akaimba foni amayamba wafunsa ng'ombe, ine pambuyo."

"Ali kuti Mthokozi?"

"Kuntchito, ku Chikangawa! Malata awa ndi iye. Adada wake anamupezera. Anabwera kuno m'nyengo yozizira ndi foni yawo, anakhala pamene mwakhalapo, Mthokozi akuwalembera zilembo papepala, iwo akuwerenga, akulakwitsa, tonse tikuseka."

"Kuntchitoko amamuitana dzina liti?"

NyaZiba anasalaza ufa ndi chikhatho kanthawi.

"Anamupatsa pepala la dzina lina. Ine ndinadandaula, koma adada wake anati dzina la kuntchito lili ngati ovolosi, umavala m'mawa, madzulo n'kuvula. Anati mwini wake analikana ntchitoyo." Anakweza maso. "Foni yake sikupezeka kuyambira Lolemba. Netiweki ya kumapiri kuja imavuta chomene. Kodi inu mwachokera komweko? Mwamuona?"

Pamela anasuntha pamkekapo, nagwira manja onse awiri a mayiyo, oyera ndi ufa.

"Ndamuona, amama," anatero.

Kulira kumene kunatsatira kunaimitsa chigayo.

*

Lachisanu m'mawa akaidi anali atakhala kale pansi pa mtengo kunja kwa nyumba ya chisoni, makasu ndi mafosholo pambali, msilikali wawo akuyasamula. A Hector Mzumara anafika ndi pepala lawo lomwe lija, litapindika m'makona. Philomena anabwera osaitanidwa ndi munthu, naima pakhomo atapinda manja. NyaZiba anakhala pansi chapatali ndi abale ake awiri, mawu atamuthera. Galimoto ya polisi inatsitsa a Gordon Thole, jekete lakuda lili pathupi, ndipo pambuyo pawo panatsika NyaHara ndi Kalebe.

Wosamalira mitembo anakoka bokosi, natsegula chivundikiro. Pa chivundikirocho panali kapepala komatidwa, kolembedwa kuti Kalebe Thole.

"A Thole," anatero Pamela, "yang'ananinso."

"Ndinanena kale, mama. Sindimudziwa."

"Goodson anali ku Joni m'mwezi wa Julaye. Foni inali m'thumba mwanu. Mtsikana uyo anamva mnyamata akukutchani adada, pamene Kalebe anali kumunda. Maluwa ndamuona ndi maso anga, akubzikula m'khola ku Edingeni. Ndipo mayi uyo mukumudziwa."

A Thole sanatembenukire kumene NyaZiba anakhala. Anayang'ana khoma.

"Mayi ameneyo angathe kumutenga mwana wake," analowererapo a Hector mwachangu. "Alembe dzina lililonse, nkhani ithe. Kampani ipereka lole."

"Mwana wa ku Mzimba saikidwa kwa amayi ake ngati mwana wa m'tchire," anayankha mmodzi wa abale a NyaZiba, mwaukali. "Ali ndi adada wake. Akagone kwa adada wake, pafupi ndi agogo ake. Akamukana, ife sitinyamula. Aikeni ndi akaidi, dziko lione."

Kunja, mkaidi wina ankanola fosholo pamwala.

Pamela ankadziwa kuti atha kulemba dzinalo yekha n'kutseka fayilo. Umboni unalipo wokwanira. Koma mnyamata uyu anakhala moyo wake wonse akubisidwa kuseri kwa chigayo, anagwira ntchito ndi dzina lobwereka, anafa anzake akumuitana dzina la munthu wina, ndipo iye sanafune kuti alowenso m'manda ndi dzina lotoledwa ndi wapolisi.

"Ine sindilemba dzina limene ndamva kwa ng'ombe," anatero. "Pepala ili likufuna bambo wa womwalira. Mulitchule ndinu. Mukakana, tikhala pompano mpaka dzuwa lilowe, akaidi abwerere ndi makasu awo, mawa tidzayambirenso. Mufunse pa boma pano chifukwa chake amanditcha NyaKukana."

"Ndine mkulu wa mpingo," anatero a Thole. "Mukufuna ndikaime bwanji pamaso pa anthu?"

"Muime mmene ndaimira ine zaka zonsezi."

Amene analankhula anali NyaHara. Anadutsa pakati pawo, nafika pabokosi, nachotsa kansalu kamene anaphimba nako khutu la mnyamatayo tsiku lija. Nsonga ya khutulo inali yopindikira kutsogolo. Anatambasula dzanja nagwira khutu la mwamuna wake, pamaso pa anthu onse, nalitembenuzira kowala. Linali chimodzimodzi.

"Ndinaona tsiku lomwe lija bokosi litatsegulidwa," anatero. "Ndinaliphimba kuti anthu asaone, ndikuti mwina mukhala mwamuna, munena nokha. Ndadikira sabata yonse. Za ku Edingeni ndinazidziwa kalekale, a Thole, musadzinamize. Njinga yopita kukalalikira sibwera ndi ufa pa keriyala. Ndinapirira. Koma munamenya mwana wanga chifukwa cha ng'ombe imene munatsegulira nokha. Munamubera ntchito. Ndipo uyu, amene munamupatsa ntchitoyo, mukufuna akwiriridwe ngati galu kuti jekete lanu lisade. Mapanga awiri avumbwitsa, lero mwavumbwa. Tchulani dzina la mwana."

A Thole anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana Kalebe, ndipo potsiriza anayang'ana m'bokosi, ulendo uno osathawitsa maso. Anagwira m'mphepete mwa bokosi natsikira pansi pang'onopang'ono.

"Ndinalibe chomupatsa," anatero. "Kalebe ali ndi munda, ali ndi khola, ali ndi dzina. Uyu analibe kanthu. Mtsikana ataimba foni ija ndinati Chiuta wandipatsa njira. Ndinamutuma ndine kumitengo kuja. Ndine."

"Dzina," anatero Pamela.

"Mthokozi."

"Sindinamve. Ndipo amayi ake ali kutali uko."

"Mthokozi Thole!" Mawuwo anatuluka ngati chinthu chong'ambika. "Mwana wane. Mthokozi, mwana wane."

NyaZiba anayambanso kulira, koma kulira kwake kunali kwina tsopano, kwa munthu amene maliro ake apeza pokagona. NyaHara anapita kukakhala pambali pake. Sanamugwire dzanja, koma anakhala.

Pamela anatenga pepala la a Hector, nadula mzere pa mawu akuti wosadziwika, nalemba dzinalo ndi zilembo zikuluzikulu, kenaka nasaina. A Hector anatsegula pakamwa kuti anene za Philomena, koma Pamela anawatsogolera.

"Mtsikanayu mlandu alibe. Wantchito wanu ali ndi dzina tsopano, ndipo a zantchito adzafuna kumva mmene chipikacho chinagwera. A Thole, mlandu wanu wachinyengo ukudikirani, koma mukaike kaye mwana."

"Ndipitiriza kuimba mafoni, bwana," anatero Philomena ali pakhomo pomwepo. "Kungoti tsopano ndizifuna mwini wake alankhule yekha, anditchulire dzina lake ndi pakamwa pake."

Msilikali anadzutsa akaidi ake. Wosamalira mitembo anafunsa kuti ndani anyamule bokosi kukakweza pa lole, ndipo kwa kanthawi panalibe amene anasuntha. Kenaka Kalebe anabwera kutsogolo. Anakanda kapepala kaja pa chivundikiro ndi chikhadabo mpaka kanamatuka, anawerenga dzina lake, nakapinda n'kukaika m'thumba la malaya.

"Ili ndatenga, ndi langa," anauza womwalirayo. "Tiye kwanu, mng'ono wanga."

Anawerama nagwira chakumutu.